A Kinnah adachinya kenako adaphunzitsa: nanga atsikana athu akadzasiya kusewera adzalowera kuti?

Amayi anzathu, atsikana, ndi inu abambo amene mumawerenga tsamba lino mwakachetechete, lero tikambeko za mpira wamiyendo.

Funsani bambo aliyense wa zaka zopitirira 50 kuno ku Chiwamba, kaya pa Nsaru kapena pa Namitete, kuti katswiri womwetsa zigoli m'mbiri ya Malawi ndani. Sachedwa kuyankha: Kinnah Phiri. Funsani mwana wa sitandade 6 funso lomwelo, akuuzani kuti Temwa kapena Tabitha Chawinga. Onse akunena zoona, aliyense pa nthawi yake. Koma mbiri ya a Kinnah ili ndi zigawo ziwiri, kusewera ndi kuphunzitsa, ndipo ife funso lathu lili pa chigawo chachiwiricho. Kodi njira imene idawachotsa a Kinnah m'bwalo n'kuwakhazika pa benchi ya mphunzitsi, mtsikana wa kuno angayendemo?

Tiyambe ndi kuwapatsa ulemu wawo akuluakuluwa. A Kinnah adatchuka m'zaka za m'ma 1970 akusewera kutsogolo mu timu ya Bata Bullets. Timu ya dziko adaichinyira zigoli 71, ndipo mpaka lero palibe wosewera wa Flames amene wafikapo. Adali m'gulu limene lidatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, pomwe tidagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza konkuno kwathu, ndipo chaka chotsatira chikhocho tidachitenganso ku Kenya. Kenako adapita ku Swaziland, komwe lero timati Eswatini, kukasewera mu Manzini Wanderers.

Miyendo itatopa, mpira sudawataye. Adaphunzitsa Bullets ndipo mu 2004 adaifikitsa mu ndime ya magulu ya CAF Champions League. Adaphunzitsa Free State Stars ku South Africa. Mu 2008 adapatsidwa Flames, ndipo chaka chomwecho tidachinya Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya. Mu 2010 adatitengera ku mpikisano wa AFCON ku Angola, komwe tidali tisadapondeko chichokereni 1984. Amene adali pafupi ndi wayilesi pa 11 Januwale 2010 akukumbukira: Malawi 3, Algeria 0, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Algeria yomweyo miyezi ingapo pambuyo pake idakasewera World Cup. Tidagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerako, ndipo mu 2013 a Kinnah adachotsedwa ntchito monga zimakhalira ndi makochi onse. Komabe adapezanso ntchito kunja, mpaka ku Mbeya City ku Tanzania.

Taonani kutalika kwa ulendowu. Munthu adayamba kudya za mpira m'ma 1970, ndipo patatha zaka 40 adali akudyabe za mpira. Kusewera kudatenga gawo lochepa chabe. Zaka zambiri adazikhala ndi wenzulo m'khosi, akuphunzitsa ana a anthu ena. Zimene adaziona ali m'bwalo sadapite nazo kumudzi kukazikwirira, adazisiya mwa anyamata amene adabwera pambuyo pake.

Tsopano tibwere kwa achemwali athu a ku Rumphi.

Tabitha adasewera mu DD Sunshine mu mzinda wa Lilongwe, pafupi pomwepa. Mu 2014 adapita ku Sweden. Mu 2017, ali ku Kvarnsvedens IK, adachinya zigoli 26 n'kuposa aliyense mu ligi yaikulu ya dzikolo, chonsecho timu yake idatuluka mu ligi chaka chimenecho. Adapita ku China, kenako ku Inter Milan komwe adatsogola ndi zigoli 23 mu ligi ya Italy, kenako ku Paris Saint-Germain komwe adatsogolanso mu ligi ya France, ndipo mu 2024 adalowa Lyon. Mng'ono wake Temwa adachinya zigoli 63 m'chaka cha 2023 chokha, kuphatikiza za kalabu ndi za dziko. Mu 2024, chaka chake choyamba ku Kansas City Current ku America, adachinya zigoli 20 mu ligi, kuphwanya mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse.

Ma Scorchers adatenga chikho cha COSAFA mu Okutobala 2023 atagonjetsa Zambia 2-1 ku South Africa, Temwa atachinya zigoli 9 mu mpikisanowo. Mu Okutobala 2025 adatulutsa Angola n'kudzigulira malo ku mpikisano wa amayi wa Africa kwa nthawi yoyamba. Ndiye nkhani yoti atsikana a ku Malawi amatha mpira kapena ayi idatha kalekale. Amene akutsutsabe angotsutsa poti pakamwa ndi pawo.

Koma wosewera kutsogolo amadalira liwiro, ndipo liwiro silikhalitsa. Tabitha adabadwa mu 1996, Temwa mu 1998. Tsiku lidzafika loti adzasiye. A Chawinga eni ake sitikuwadera nkhawa kwenikweni, iwo adagwira ntchito ndipo dzina ali nalo, adzasankha okha chochita. Amene tikuwadera nkhawa ndi anzawo amene sadakwere ndege. Mtsikana amene adali woopsa pa sukulu ya pulayimale ku Kabudula. Amene ankachinya pa bonanza ku Mpingu mpaka anyamata kumaima pakhonde la golosale n'kumaloza. Amene adasewerapo mu timu ya m'tauni zaka zitatu n'kubwerera kumudzi bondo litavuta. Amenewa ali kuti lero? Ambiri tikuwadziwa: ali ku munda wa fodya, ali pa msika akugulitsa tomato, ali ndi mwana kumbuyo. Palibe cholakwika ndi ntchito zimenezi. Cholakwika n'chakuti palibe amene adawafunsapo ngati angakonde kuphunzitsa.

Mnyamata akasiya kusewera, njira imadzitsegukira yokha. Anzake amayamba kumutchula kuti kochi asadaphunzitse n'komwe. Timu ya m'mudzi imamupatsa wenzulo. Kukabwera maphunziro a ukochi, dzina lake limalembedwa poti olemba maina ndi anzake amene ankasewera nawo. Mtsikana akasiya, anthu amati wakula tsopano, wasiya zachibwana. Mwaonatu kusiyana kwake? Kwa mmodzi kusiya kusewera ndi kukwezedwa, kwa mnzake ndi kutsanzikana ndi mpira.

Tikudziwa zimene ena anene, ndipo tisazithawe.

Ena ati: kudziwa kuchinya si kudziwa kuphunzitsa. Zoona zimenezo. Alipo akatswiri ambiri amene adalephera pa benchi, ndipo alipo makochi abwino amene sadatchukepo akusewera. Koma mfundo imeneyi ikukhudza amuna ndi akazi mofanana. A Kinnah sadabadwe ali kochi. Adapatsidwa timu, adalakwitsa, adachotsedwa, adapatsidwanso ina, adaphunzira. Ife sitikupempha kuti mkazi apatsidwe timu ya dziko chifukwa choti ndi mkazi. Tikupempha kuti naye apatsidwe mpata wolakwitsa pa timu yaing'ono, monga amuna amapatsidwira tsiku ndi tsiku popanda wofunsa.

Ena ati: nanga si bambo amene adatenga COSAFA ndi ma Scorchers? Inde, a Lovemore Fazili adagwira ntchito yotamandika ndipo sitikuwachotsera kanthu. Palibe amene akuti amuna achoke mu mpira wa amayi. Koma tafunsani funsoli chobwerera: ndi timu zingati za amuna mu Super League zimene mudaziona zikutsogozedwa ndi mayi? Ngati bambo angaphunzitse akazi ndi amuna omwe, pomwe mayi akuvutika kupeza ngakhale timu ya atsikana, ndiye kuti ntchito zonse za ukochi zili mbali imodzi. Ndipo ukochi ndi ntchito, abale. Pali malipiro, pali ma alawansi, pali maulendo, pali ulemu.

Ena ati: akazi eni ake safuna. Apa ndiye tiseke pang'ono. Pitani pa bwalo la ntchemberembaye muone amene akulalata m'mbali mwa bwalo. Mary Waya adasewera mu Queens zaka zambiri ali katswiri woponya zigoli, kenako adaiphunzitsa. Peace Chawinga-Kaluwa adasewera, kenako adaiphunzitsa. Ku mpira wamanja palibe amene amadabwa kuona mayi atagwira wenzulo, chifukwa khomo lidali lotsegula kuyambira kale. Ku mpira wamiyendo nakonso tili ndi Maggie Chombo-Sadik, amene adasewera ndi kuphunzitsapo timu ya dziko ya amayi. Vuto n'lakuti tikayamba kuwerenga maina otere, zala za dzanja limodzi zimatikwanira.

Kunjaku ziliponso zitsanzo. Pia Sundhage wa ku Sweden, dziko lomwe a Chawinga adayambira kusewera kunja, adachinyira dziko lake zigoli 71, chimodzimodzi a Kinnah. Atasiya kusewera adaphunzitsa timu ya amayi ya America n'kutenga mendulo za golide za Olympics mu 2008 ndi 2012. Pafupi pompa, Desiree Ellis adasewera masewero oyamba a Banyana Banyana mu 1993 ali ndi zaka 30, adakhala kaputeni, ndipo mu 2022 adatenga chikho cha Africa ali mphunzitsi. Florence Omagbemi wa ku Nigeria adatenga chikho chomwecho ali wosewera, n'kudzachitenganso mu 2016 ali kochi. Komabe tisanamizane kuti kunjako zonse zili bwino: pa World Cup ya amayi ya 2023, mwa matimu 32, amene ankatsogozedwa ndi akazi adali 12 okha. Nkhondoyi ili paliponse. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu adayamba kuimenya.

Mwina wina akufunsa kuti, ndi mavuto onse ali kumudzi kuno, feteleza kudula, mankhwala kusowa, bwanji tikutaya nthawi ndi za wenzulo? Chifukwa nkhani ya kochi wamkazi ndi nkhani yoti mtsikana asewere kapena asasewere.

Kholo la kuno likamakaniza mwana wamkazi kupita ku mpira, nthawi zambiri sikuti limadana ndi mpira. Limaopa. Masewero ali ku Nambuma, anyamuka pa lole masana, abwerako kutada, ndipo wamkulu yekhayo amene ali nawo ndi bambo. Mayi wake aganiza chiyani? Mantha amenewa si opanda pake. Ku America komwe Temwa akusewera, kafukufuku amene adatsogolera Sally Yates mu 2022 adapeza kuti makochi ena ankazunza osewera aakazi, kuphatikizapo nkhanza zogonana, ndipo akuluakulu ankadziwa koma osachitapo kanthu. Ngati zidachitika ku ligi ya ndalama ndi maloya, kuli bwanji pa bwalo la fumbi pomwe mwana alibe koti akadandaule? Sitikunena kuti makochi aamuna onse ndi oipa, ambiri akudzipereka popanda malipiro ndipo tikuwathokoza. Koma pakakhala mayi pa benchi, kholo limamasuka, ndipo mwana amakhala ndi womuuza zimene sangauze bambo.

Tabitha mwini wake adanenapo poyera kuti ali wamng'ono adakakamizidwa kuvula pamaso pa anthu kuti atsimikize kuti ndi mtsikana, chifukwa choti ankasewera bwino kwambiri. Taganizani, mwana amene lero dziko lonse likumunyadira adachititsidwa manyazi otere pa bwalo la kwathu konkuno. Ndi angati amene zidawachitikira zotere ndipo sadabwererenso? Pakadakhala amayi okhala ndi udindo pa mabwalo amenewa, makochi, oyimbira, akuluakulu a mpikisano, zinthu ngati izi sizikadachitika mosavuta chotero.

Palinso zina zimene mtsikana wa zaka 13 sanganene kwa bambo. Akayamba kusamba amangosiya kubwera ku maphunziro a mpira osatchula chifukwa. Thupi likayamba kusintha amachita manyazi kuthamanga opanda chovala choyenera m'kati. Kochi wamwamuna amangolemba kuti mwanayu ndi waulesi, n'kuika wina. Mayi amadziwa pofunsa. Ndipo tonse tikudziwa kuti zaka zomwezi ndi zimene atsikana amasiyira sukulu n'kulowa m'banja, ngakhale malamulo aakulu a dziko lino adasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Timu ya mpira siingathetse maukwati a ana payokha, koma mtsikana amene ali ndi timu, ndi mayi womufunsa kuti dzulo unali kuti, sasowa mwakachetechete.

Ndiye tikufuna chiyani? Tinene mosapsatira.

Kwa a FAM, pansi pa utsogoleri wa a Fleetwood Haiya: maphunziro a ukochi amayambira pa layisensi ya CAF D, kukwera C, B mpaka A. Khwerero loyambalo libwere kumaboma ndi kumadera, lisamathere m'mizinda mokha. Mayi wa mwana woyamwa sangasiye pakhomo sabata yathunthu kupita ku Mpira Village ku Chiwembe, koma pa TDC ya m'dera lake angafike pa kabaza m'mawa n'kubwerera madzulo. Pa maphunziro aliwonse pakhale malo osungidwira akazi, ndipo malowo alengezedwe poyera pa wayilesi, osati kudzera mwa anzawo a anzawo. Nthawi yakenso muiganizire. Mukaika maphunziro mu Disembala kapena Januwale anthu ali pa kupalira ndi kubandira, musadzanene kuti amayi sadabwere.

Kwa matimu a mu ligi ya amayi: timu iliyonse ikhale ndi mkazi pa benchi amene ali ndi udindo weniweni wa ukochi. Tatopa kuona mayi yekhayo pa benchi ali wonyamula madzi ndi kuchapa majezi. Ndipo wosewera akamayandikira kusiya, muyambe kumutumiza ku maphunziro akadali m'timu. Muziwauzanso osewera ufulu wawo: kuyambira 2021 malamulo a FIFA amapatsa wosewera wa pa kontilakiti tchuthi cha uchembere cha masabata 14 akulandira gawo la malipiro ake, ndipo mu 2024 lamuloli lidafikanso kwa makochi aakazi. Mimba isakhale mapeto a ntchito.

Kwa aphungu ndi makhansala athu: zikho zanu timaziona, makamaka chisankho chikayandikira. Mpira wamiyendo wa anyamata, wamanja wa atsikana, mphoto ya anyamata yokulirapo, zithunzi, basi. Onjezerani mpira wamiyendo wa atsikana. Ndipo pa ndalama za chikho chimodzi, patulani yolipirira amayi awiri kapena atatu maphunziro a ukochi. Mbuzi ya mphoto imadyedwa tsiku lomwelo, koma kochi mmodzi aphunzitsa ana zaka 20.

Kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu: pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi mphunzitsi wa zamasewero, ndipo kawirikawiri mpira wamiyendo umapatsidwa kwa bambo popanda kukambirana. Afunseni aphunzitsi aakazi. Funsaninso m'midzi yozungulira ngati muli mayi amene adasewerapo. Ma mother group amene akuthandiza kale kubweza atsikana ku sukulu akhoza kusinthana kuperekeza timu pa maulendo. Izi sizifuna bajeti ya boma.

Kwa inu abambo amene akazi anu adali akatswiri musadawakwatire: mudawaonera pa bwalo pomwepo, mwina n'pomwe mudawakondera. Musawatsekere m'nyumba lero. Maola awiri Lachitatu ndi Loweruka sagwetsa banja. Inuyo mukamapita kukaonera Arsenal ku video show mumakhalako maola angati?

Kwa mafumu athu: bwalo la mpira ndi la mudzi wonse. Atsikana asamadikire kuti anyamata atope kaye ndiye alowe dzuwa litapendeka. Gawani masiku, ndipo mawu anu amveke.

Ndipo kwa ife tomwe, amayi ndi atsikana. Nthawi zina amene amayamba kuseka mayi wovala kabudula wa masewero ndife tomwe pa chitsime. Timati akufuna kudzionetsa, timati sakula. Tikatero tikudula nthambi yomwe ana athu akadakhalapo. Inu achemwali amene mudasewerapo, musadikire kalata yochokera ku Blantyre. Sonkhanitsani ana khumi a m'mudzi mwanu, ngakhale ndi mpira wachikulunga. Lembani maina awo mu kope, lembani masiku amene mwakumana. Tsiku limene maphunziro adzafike, mudzakhala ndi chosonyeza, ndipo adzasowa chokukanirani. M'mera mpoyamba.

A Kinnah adachinya zigoli 71, koma ana a lero ambiri sadaone ngakhale chimodzi. Chimene akuchidziwa ndi Algeria 3-0, tsiku limene mkuluyu sadagunde mpira ngakhale kamodzi, adangoima m'mbali mwa bwalo. Zigoli za a Chawinga nazonso tsiku lina zidzakhala nkhani zosimba agogo. Chimene chidzatsale ndi atsikana amene adzaphunzitsidwe ndi m'badwo umenewu, ngati tiulola kuphunzitsa.

Ngati m'mudzi mwanu muli mayi kapena mtsikana amene adasewerapo mpira wamiyendo ndipo angakonde kuphunzitsa ana, kaya ndi ku Chiwamba, Nsaru, Kabudula, Mpingu, Nambuma kapena Namitete, muonetseni uthengawu. Muwerengereni ngati alibe foni. Akavomera, atilembere yekha ku inbox. Tikufuna tidzapite kwa akuluakulu a mpira m'boma la Lilongwe titanyamula maina, kuti pasadzapezeke wonena kuti amayi ofuna ukochi kulibe.